Kanjira ka Njinga Ndinakathetsa Ndekha

Anzanga amene tinkapalasa nawo njinga kupita ku esiteti ya nzimbe mpaka lero amandipatsa moni wapamwamba pa mtima, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala iwo, mwina ndi moni womwewo sindikanapereka.

Zaka zimenezo msewu wodutsa m'mudzi mwathu kuno ku Chikwawa unali wa aliyense. Malole a thonje, ngolo, mbuzi, amayi a mitsuko pamutu, ife a njinga kumapeto kwenikweni tikumeza fumbi. Lole ikaliza huta unkadziponya m'minga, n'kukafika kuntchito kapitawo atakudula kale tsiku. Ndinatopa nazo. Tsiku lina pamsonkhano wa chipani ndinaimirira (ine munthu woti pa ukwati wanga womwe mawu anandithawa) n'kupempha kuti tilambule kanjira ka njinga m'mbali mwa msewu. A tcheyamani anati chimenecho ndiye chitukuko. Masiku amenewo chinthu chikatchedwa chitukuko, wotsutsa ankatsutsira m'mimba.

Tinalambula, tinathira dothi la pachulu, tinatsindira. Kanjira kanatuluka kosalala ngati khonde lozira, ndipo vuto linayambira pomwepo. Amayi anaona kuti m'mudzi monse mulibe malo abwino oyanikapo mapira kuposa amenewo. A Alufandika, mwini ngolo, anati ng'ombe zawo zakakonda chifukwa sikapweteka ziboda. Madalaivala nawo ankaimikapo malole akafuna kugula nsomba. Tinakangana mpaka a tcheyamani anagamula kuti kanjira n'ka njinga, koma wa njinga akangochita chipongwe kamodzi kokha, kathera pomwepo.

Amayi anakaanula mapira awo n'kumapita. Ndikanadziwa kuti kumeneko sikunali kugonja.

Kwathu kuno pakagwa maliro amayala masamba aawisi mopingasa njira. Wa njinga amatsika, kuvula chipewa, n'kukankha mwakachetechete mpaka atapitirira. Ndiye m'mawa wina ndinapeza masamba pa kanjira kathu. Ndinatsika, chipewa m'manja, nkhope yachisoni. Kuyenda pang'ono, kulira kulibe. Ndinangopeza mapira ali mbwee, Mai Malita atakhala pambali ndi kamtengo koingitsira nkhuku.

"Mayi, ndani watisiya?"

"Nkhabe, mwananga, palibe wafa. Masambawo ndi a mbuzi zanga, zimakonda kudyera pamenepo."

Mbuzi zimenezo sindinazione. Koma m'mawa mwake masamba analipo, mkuja wake analiponso, ndipo matendawa anafalikira mudzi wonse. Kuchotsa masamba sungayerekeze, nanga atakhala a maliro enieni? Tinkangotsika, kukwera, kutsikanso, tikukhuza mapira a eni ake. Kapitawo anafika pondifunsa kuti, "Kodi kwanuko anthu akutsalako?"

Tsono linafika tsiku lotentha la Okutobala, dzuwa likuotcha usanamwe ndi tiyi yemwe. Usiku sindinagone ndi udzudzu, ndinali nditachedwa kale, ndipo kapitawo anali atandiuza kuti kuleza mtima kwake kwatha. Pafupi ndi mlambe, masamba. Ndinati lero ayi. Ndinawaponda ndi matayala onse awiri, ndinaliza belu ngati ndapenga, n'kukuwa ndi mawu anga onse: "Mapira anuwo muwaike m'manda lero lomwe, tatopa nawo!"

Nditakhota pa mlambe ndinaona abambo atakhala pansi m'mbali monse mwa kanjira, zipewa zili pamaondo. Amayi amene ankalira m'nyumba anasiya kulira. Mabuleki anga anali a chidendene (wa njinga yakale akundimva), choncho ndinapitirirabe ndithu, belu likanali kunjenjemera, mpaka ndinakaima pakati pa makasu a adzukulu okumba manda. Woyamba kundiyang'ana anali a tcheyamani.

Ndinatsika. Ndinavula chipewa. Zinali ngati kutseka khola mbuzi zitatha kale.

Womwalirayo anali a Zuze, nkhalamba yofatsa ija imene tinadula mbali ya munda wake polambula kanjira, iyo osapempha ngakhale nkhuku.

Palibe anandikalipira, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Mkulu wa adzukulu anangoyang'ana njinga yanga nthawi yaitali.

"Achimwene, njinga yanuyi imathamanga bwino," anatero. "Tinkasowa woti akanene maliro ku Makhuwira. Mulungu watipatsa."

Ku Makhuwira n'kutsidya kwa Shire. Ndinakwera bwato njinga ili pamiyendo, ndinapalasa m'dzuwa lonse lija khomo ndi khomo, ndipo paliponse amayi ankandigwira dzanja n'kumandithokoza kuti, "Takhuta, mwana waulemu iwe, wavutika chifukwa cha ife." Mawu amenewo ankandibaya kuposa minga ya m'msewu. Madzulo abale omwewo atafika pamaliro anauzidwa bwinobwino za mwana waulemu uja.

Atameta maliro, ana a a Zuze anabwera ndi makasu n'kutipula mbali yawo ya kanjira. A tcheyamani sanaitanitse ngakhale msonkhano. Ena okhala ndi minda m'mbalimo anatengera pomwepo, ndipo mvula itagwa thonje linamera mwa mphamvu zedi, poti dothi la pachulu tinawasenzera tokha.

Ndinapita kwa mwana wamkulu wa malemu ndi tambala kukhwapa, ndinagwada, ndinapepesa, ndinafotokoza za Mai Malita ndi mbuzi zawo zosaoneka. Anandimvetsera mpaka kumapeto, tambala analandira.

"Tamva, achimwene, ndipo takukhululukirani," anatero. "Koma bambo anapereka malo aja kuti anthu azidutsa bwino. Inu munadutsa bwino?"

Ife a njinga tinabwerera mumsewu waukulu kukalimbana ndi malole, a Alufandika akutukwana kuti ng'ombe zawo zayamba kutsimphina, Mai Malita akuuza aliyense kuti ndawaonongera poyanika. Anzeru amati ndiphunzirepo kuugwira mtima. Ine chimene ndinaphunzira n'chakuti pamsonkhano pakafunsidwa amene ali ndi maganizo a chitukuko, ndimayang'ana zala za kumapazi.