Mpando wa NyaManda

Lolemba

Mutu: Kunyamula NyaManda pa nyanja kupita nawo ku Bandawe.

Ine, mlonda wopuma ntchito, ndikutsegula bukuli monga ndinkachitira pa geti ya loji, kuti zonse ziyende mwa dongosolo lake.

Nkhani ili motere. Lamulungu likubwerali kuli Mgonero ku Bandawe. Mayi a kunyumba kwanga, NyaManda, akhala akulephera kupitako chifukwa cha mawondo. Wapansi sangathe. Kabaza anaikana kuyambira tsiku lomwe anatsetsereka pa keriyala n'kugwera mumchenga atavala yunifolomu ya Umanyano, bungwe la amayi a mpingo. Sadandaula ayi. Koma Loweruka lililonse amasitabe bulauzi yoyera ija, n'kuibwezera m'sutukesi. Ichi ndachiona.

Choncho njira yotsala ndi nyanja.

Chombo chilipo: boti lopopa, lachikasu, lomwe alendo anasiya ku loji ndipo abwana anandipatsa potsanzikana. Ndalipopa, layima bwino. Nkhafi ilipo. Chosowa ndi mpando. M'mbali zonse ziwiri muyenera kukhala timatumba ta mphira tolowetsamo thabwa. Kumanja kathumba kalipo. Kumanzere kwatsala chipsera chokha.

Bwato la mtengo silikuganiziridwa. Pamenepo munthu amakhala pamwamba, miyendo itapanikizana mkati, madzi akumunyowetsa kumbuyo. Mayi wa Umanyano sakhala choncho.

Ndionjezere kuti NyaManda anabadwira kuno ku Chintheche koma sanapitepo pa nyanja kupyola pomwe madzi amalekeza m'chiuno. Ndikuwafunsira ndinalonjeza kuti tsiku lina ndidzawayendetsa pamadzi atakhala ngati mlendo wolemekezeka. Lonjezoli silinafafanizidwe.

Ndikutseka maso ndikuona: bata, nyanja yosalala ngati nsalu yosita, iwo kutsogolo atavala zoyera, ine kumbuyo. Belu likulira pamtunda. Akulu a mpingo akutsika kudzagwira chingwe.

Ndawadziwitsa. Yankho lawo: "Yewu, Ada. Mwamwa tiyi koma?"

Lachiwiri

Mutu: Kufunafuna chogwirira mpando.

Ndili pa Chintheche, jekete nditavala. Chipsera chija ndachijambula pa katoni kuti ogulitsa asavutike.

Zotsatira:
Sitolo yoyamba, kulibe. Andionetsa mahinjesi a chitseko.
Sitolo yachiwiri, kulibe. Andionetsa chogwirira ndowa.
Mayi wogulitsa maukonde wayang'ana katoni nthawi yaitali, kenako n'kuitembenuza. "Ada, ichi ndi chiwindi cha mbuzi kapena mapu?"
Wina akuti ku Mzuzu. Wina akuti zotere zimabwera ndi boti lake ndipo zimapita ndi boti lake.

Chithandizo chapezeka pansi pa mtengo wa mango, kwa Yotamu, wokonza njinga yemwenso amapalasa kabaza. Ndi yemwe uja anagwetsa NyaManda, koma nkhani imeneyo ndaiika pambali chifukwa cha ntchito. Wandipatsa chubu chakale cha njinga yamoto ndi guluu womatira machubu.

"Mukhule kaye pamalopo, mupake, mudikire aume pang'ono, ndiye mumate. Musathamange, Ada. Ndipo muwauze Ama kuti mchenga ndi umene unalakwa, osati ine."

Uthengawu sunaperekedwe.

Pobwerera ndadzera kugombe. Ndayima pamwala kuyang'ana cha ku Bandawe. Si kutali. Nkhwazi yadutsa pamwamba osakupiza mapiko, ndipo ndaganiza kuti ife tidzayenda chimodzimodzi, popanda phokoso, popanda fumbi. Ndaima mpaka guluu watentha m'thumba.

Lachitatu

Mutu: Kupanga mpando weniweni.

Kathumba ka kumanzere kapangidwa ndi chubu, kolimbikitsidwa ndi lamba wa patapata. Kamatidwa. Kakuoneka bwino kuposa ka azungu.

Thabwa ndalitenga kwa mnansi wanga Ada Longwe, wosema mabwato. Abwera okha kudzaona. Azungulira boti, alibaya ndi chala, aliika khutu.

"Asibweni, chombo chimene ungachipinde n'kuika pansi pa bedi, ine mkazi wanga sindingamuikemo. Ichi ndi chikhodzodzo cha nkhumba chomwe tinkasewera nacho mpira."

Ndemangayi yalandiridwa koma sinavomerezedwe.

Vuto latsopano: thabwa lilibe potsamira. NyaManda anagwa pa kabaza chifukwa chosowa potsamira. Kubwereza cholakwa chomwecho pamadzi sikungakhale kwa ulemu.

Ndikuganiza izi, maso agwera kuseri kwa khitchini pa mgolo wabuluu wa pulasitiki. Ndi momwe NyaManda amaviikamo chinangwa cha kondowole, popeza ku dziwe sangapitenso. Lero ndi wopanda kanthu. Eni ake akugona chifukwa cha mapilitsi a mawondo. Ndaona kuti kuwadzutsa pa nkhani yaing'ono sikoyenera.

Mgolo wadulidwa ndi sowo. Pansi pake pakhala pokhalira, mbali imodzi yatsala yaitali kukhala potsamira, ndi mapiko awiri oikapo mikono. M'mphepete ndakuta ndi chubu kuti musacheke. Mkati ndaika pilo wa thonje la matilesi akale. Ndamangirira pa thabwa ndi malegeni, zingwe za mphira zija.

Ndakhalapo. Mpando wotere ngakhale ku ofesi ya abwana kunalibe!

Ndaubisa m'khola la nkhuku mpaka nthawi yoyenera.

Lachinayi

Mutu: Zowonjezera.

Maganizo akubwera okha, ngati usipa pa nyali. Zapangidwa m'mawa uno:
Paipi yoimikamo ambulera, kumbuyo kwa mpando.
Kathumba ka jumbo kosungiramo buku la nyimbo.
Popondera mapazi, kuti mawondo asapindike.
Nangula: mwala m'thumba la feteleza.
Kabelu ka njinga kochenjezera mabwato ena.
Kambendera koyera. Ntchito yake sindinaipeze, koma kakukongoletsa.

Boti ndaliika padzuwa pabwalo kuti guluu akhwime.

Masana amayi a Umanyano abwera kudzapemphera ndi NyaManda, monga amachitira Lachinayi. Sanabwere chimanjamanja. Mwa chikondi chawo adzera kumunda kwathu n'kutizulira chinangwa chonse cha m'mizere ya kumunsi. Achisenda pomwepo akuyimba. Mulu wake ukufika m'mawondo.

Kenako mawu ochokera kuseri kwa khitchini, osakweza: "Ada, mgolo wanga wapita kukaona ndani?"

Ndafotokoza mwadongosolo, kuyambira pa lonjezo. Ndatulutsa mpando m'khola. Unali ndi nthenga pang'ono. Mmodzi mwa amayiwo walowa m'chimbudzi n'kukasekera m'menemo.

NyaManda auyang'ana, ausisita potsamira. "Ndi wokongola. Nanga chinangwachi chikhala pa mpando womwewu? Chikafika Loweruka chisanalowe m'madzi chida, ndipo mudya kambenderako."

Ndalonjeza kuti nkhani ya chinangwa iunikidwa.

Zina: dzuwa lafufumitsa boti mpaka lalimba ngati ng'oma. Kathumba kanga kayamba kumatuka pakona. Ndakadinda ndi chala. Ndikukhulupirira kuti m'madzi ozizira kadzakhazikika mtima.

Lachisanu

Mutu: Kuyesa chombo.

Wokwera weniweni sangaikidwe pa chiswe. Choncho ndadzaza thumba ndi mchenga molingana ndi thupi la NyaManda, monga ndikulidziwira, ndalikulunga nsalu yoyera ndi kulikhazika pa mpando. Ambulera yatambasulidwa.

Poyamba zonse zili monga m'maloto. Madzi ndi oyera, mchenga wapansi ukuoneka, tinsomba tabuluu tikutsata mthunzi wa boti. Kutsogolo kwanga kuli msana woyera, wowongoka, wosatekeseka. Ndayamba kulankhula nawo. Ndawaonetsa miyala ya ku Makuzi. Ndawafunsa ngati akukumbukira diresi lamaluwa lomwe anavala tsiku lija ndinawafunsira. Nkhafi ndaiiwala m'manja.

Kenako kamphepo. Si mwera ayi, kamphepo chabe. Kalowa mu ambulera. Mpando ndi wautali, boti ndi lopepuka. Kathumba ka kumanzere kang'ambuka ndi mawu akuti pyee, thabwa lapendekeka, ndipo NyaManda woyeserera atsikira m'nyanja mwaulemu, osanena kanthu.

Zopulumutsidwa: mpando, ambulera, nsalu, ine.
Zotayika: thumba, kabelu, nangula yemwe ndinaiwala kumumangirira ku boti.

Ndaima m'madzi ofika m'khosi, ndikuyang'ana thumba lija lili phee pansi. Sindinaseke ngakhale asodzi pagombe amaseka. Ndaona bulauzi yoyera pamenepo.

Pomwe kathumba kanang'ambuka patsala kabowo ngati diso la usipa. Ada Longwe andimvera chisoni. "Bweretsani kuno, asibweni. Bowo ndi bowo. Ndatseka mabwato ong'ambika kuyambira kumutu mpaka kumchira."

Atenthetsa phula m'chitini monga amachitira ndi mabwato a mtengo. Athira. Boti lapuma mpweya umodzi wautali, ngati ng'ombe ikugona pansi. Bowo tsopano mbale ikhoza kulowa.

Ada Longwe akanda kumutu. "Mtengo sutero."

Kunyumba NyaManda sanafunse chifukwa chake nsalu yawo ya patebulo yanyowa. Angoti, "Mnzanga uja wafika ku Bandawe?"

Loweruka

Mutu: Kukonza mwachangu.

M'mamawa ndapita kwa Yotamu ndi pempho lapadera. Wavomera kubwera ndi chubu cha galimoto. Wandikweza pa kabaza. Ndatsimikiza ndekha kuti keriyala yake ndi yoterera.

Tafika. Boti palibe pomwe ndinalisiya.

Lapezeka kuseri kwa khitchini. Amayi awiri a Umanyano akumba dzenje mumchenga, ayala boti mkati, mbali yophwa ija aitchinjiriza ndi njerwa. Athiramo madzi. Chinangwa chosenda chija chili m'menemo, choyera, chagona bwino. Pansi pa boti sipadontha ngakhale pang'ono. Azungu anapanga chinthu cholimba.

Kumutu kwa boti kuli mpando wabuluu. Pa mpando pali NyaManda, ambulera ili m'paipi yake, mapazi ali pa chopondera, akusenda zotsala.

"Ada, musakwiye. Chombo chikufuna madzi, chinangwa chikufuna madzi. Ndangozikumanitsa."

Ndafuna kunena kuti madzi amayenera kukhala kunja. Koma ndachedwa. Chinangwa chikaviikidwa sichivuulidwa mpaka chifewe, ndipo sichifewa mawa. Mgonero ndi mawa. Ndakhala pa njerwa. Bulauzi yoyera ili pa chingwe, yachapidwa monga mwa masiku onse.

Yotamu sakuyang'ana boti. Akuzungulira mpando. Wagwedeza potsamira, wayeza pansi pake ndi chikhatho, wapita kukayeza keriyala.

"Ama, mutakhala m'menemu, ngakhale nditagwa ine, inu mukhoza kutsala."

NyaManda: "Iwe ndiye usayambe n'komwe."

Koma sanakane. Malegeni atengedwa pa thabwa. Mpando wamangidwa pa njinga, wakokedwa uku ndi uku, sukusuntha. Pempho langa loti tiyese kaye ndi thumba la mchenga lakanidwa ndi onse.

Lamulungu

Mutu: Ulendo.

Nyanja lero ili bata. Yosalala kuyambira pagombe mpaka kutsidya, monga ndinaionera Lolemba. Ndaiyang'ana kamodzi basi.

NyaManda akwera. Bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku. Buku la nyimbo lili m'kathumba kake. Msana watsamira, mikono ili pa mapiko. Yotamu sakupalasa pamchenga, akukankha, ndipo pa tala akuyenda ngati wanyamula mazira. Ine ndikutsatira wapansi, nsapato zili m'manja. Pa msewu ana akuthamangira kuona. Minibasi yachepetsa liwiro. Mayi wina wagwada pang'ono osadziwa chifukwa chake.

Ku Bandawe belu likulira. Akulu a mpingo awiri atsika pa masitepe kudzawagwira dzanja. Chingwe chogwira panalibe, koma atsika.

Alandira Mgonero. Ndinali kumbali ya abambo, ndinawaona akupukuta maso ndi nsonga ya duku.

Potuluka amayi atatu a mawondo afunsa Yotamu ngati angawatenge sabata yamawa. Iye waloza ine. Ndayankha kuti zitengera kupezeka kwa migolo, ndiponso chilolezo cha eni ake.

Kunena zoona, lonjezo linali la nyanja. Ndawakumbutsa tili kunyumba, kuti mbiri ikhale yolondola. Avula duku, alipinda.

"Ada, ine nyanja ndimaiopa kuyambira ndili mwana. Ndinavomera chifukwa munali mutavala taye. Tengani nkhafi yanu mukatembenuze chinangwa, chapansi chibwere pamwamba."

Ndapita. Madzi ayamba kuchita thovu ndipo fungo lafika kale kwa Ada Longwe. Pakati pa thovu pakuoneka kachidutswa ka thambo ndi mtambo umodzi. Kambendera ndakazika kumutu kwa dzenje, nkhuku zikukaopa, ntchito yake yapezeka.

NyaManda abweretsa mpando wawo, akhala kutsogolo, andipatsa msana. Ine kumbuyo, pa njerwa. Ndaviika nkhafi kumanja, kenako kumanzere.

"Pang'onopang'ono," atero osatembenuka. "Mundinyowetsa."

Ndachepetsa liwiro.