Jekete la a Rosaire

Mumzinda wonse wa Lewiston, munthu woyenda m'nyumba za anthu wopanda nsapato nthawi ya chisanu anali mmodzi yekha: a Rosaire Ouellette, eni nyumba yosanja yomwe tinkachita lendi. Ankati phazi silinama.

Nyumbayo inkafunda ndi madzi otentha oyenda m'paipi imodzi ya m'munsi mwa makoma, kuchoka pa boyila yotenthetsera madziwo, chipinda ndi chipinda. A pansi ankachita thukuta, koma madzi ankafika atazirala kwa omaliza, Agogo Germaine, kumwamba kwenikweni. Mwana wawo anali atanenetsa kuti kukazizirabe akawasiya kosungira okalamba. Agogowo zimenezi ankaziopa kuposa imfa.

Ndiye a Rosaire ankangotulukira, chijekete chaubweya pathupi, kakiyi kotulutsira mpweya m'mapaipi kali m'khosi. Ankagunditsa phazi pakhoma kuti amve kutentha kwa paipi, n'kuima ngati adokowe.

"Iwe Lucien, sofa iyi ikudya kutentha kwanga! Isunthe."

"Ndiye ndizikhala pati, bambo?" ndinafunsa.

"Uziimirira, ukadali mnyamata."

Paipi ikalira kuti gubudugubudu, ankagwada n'kuifunsa, "Wadya chiyani iwe?" Ankapotokola kakiyi, mpweya fwii, madzi thoo pamphumi. "Yageya. Yachira."

Chomwe chinkandisowetsa mtendere ndi jekete lija. Chipinda chawo chinali choyamba pa paipi, pofunda zedi. Ena ankati ndi umbombo, ena amvekere ali ndi chipere. Ndinalephera kupirira, ndinawafunsa.

"Jeketeli mumavula posamba pokha?"

"Wakuuza ndani kuti ndimasamba?"

A Rosaire anamwalira m'mwezi wa Januwale, chisanu chili pachimake, Agogo Germaine akadali m'chipinda chawo chapamwamba chija, akuluka masokosi zala zili zofunda. Titalowa m'chipinda cha malemuwo kukalongedza katundu, mano anayamba kugundana. Ndinagwada pakhoma. Tizitseko totulutsira kutentha tonse tinali totseka, ndipo paipi yonse anaikulunga ndi pepala lonyezimira lija lowotchera nkhuku, kuti madzi adutse osataya kalikonse mpaka kumwamba. Ndinachita manyazi, misozi n'kulengeza.

Masiku ano mapaipi akalira palibe woifunsa paipi chomwe yadya, ndipo masitepe angoti zii. Chipinda chija ndinalowamo ine. Agogo atandiona pamasitepe anandiyang'ana kuyambira kumutu.

"Lucien, jekete limenelo si la a Rosaire?"

"Ndi lomwelo, agogo. Kwanu kukufunda?"