Telala Woyeza Makosi

A Tepi, telala wa mumsewu wathu uja, sankayang'ana munthu kumaso. Ukawapatsa moni, maso awo ankatsikira pansi pa chibwano chako, n'kuyankha khosi. Dzinalo linachokera pa tepi yoyezera imene sinkachoka pamapewa pawo, moti enafe tinkati amasamba nayo.

Matenda amenewa anawatenga ku ragibe, masewera aja a mpira wonga dzira. Mpirawo sanaugwirepo chibadwire, koma timu ya dziko ikamasewera pa TV ya m'shopu mwawo, makina osokera ankaima, buluku lako la ukwati lizidikira. Osewera akumbuyo, othamanga aja, analibe nawo ntchito. "Amenewo ndi ojambulitsa," ankatero. Mtima wawo unali pa akutsogolo asanu ndi atatu, zimphona zimene zimakolekerana mapewa n'kugundana mitu ndi adani, chimene amati sikiramu.

Wokangana nawo anali a Sikelo, ogulitsa nyama pakhomo loyandikana. A Sikelo ankasankha osewera ndi makilo, a Tepi ndi khosi.

"Nambala wani akhale wonenepa uja," a Sikelo ankayamba, akupukuta manja pa epuloni. "Ameneyo ndi ng'ombe yathunthu."

"Mafuta okhaokha! Mwaliona khosi lake? Kolala ya mwana wasukulu. Akamukankha kamodzi apindika ngati mpendero."

"Inu mukudziwa chiyani za nyama, achimwene?"

"Nanga inu mukudziwa chiyani za munthu wamoyo? Makasitomala anu onse amabwera atafa kale."

Kochi wa timu ya dziko, amene sanamvepo n'komwe za msewu wathu, ankachotsedwa ntchito m'shopumo Loweruka lililonse.

Tsiku lina pa TV panaoneka wosewera watsopano. A Tepi anadzambatuka n'kukaika tepi pagalasi la TV. Kamera itabwerera m'mbuyo, khosi lija linachepa tepi ili pomwepo. "Mwaona? Wafota ndi mantha asanagwire n'komwe mpira!"

Ngakhale abusa sanapulumuke. Anabwera kudzasoketsa malaya, a Tepi n'kuwazunguliza tepi, n'kupukusa mutu mwachisoni. "Abusa, kumwamba kunalakwitsa poitana. Khosi ili ndi la nambala filii."

Munthu mmodzi yekha ndiye sanayezedwepo: mkamwini wawo, kalaliki wa ku positi, mnyamata waulemu koma khosi ngati la botolo. Tsiku limene mwana wawo wamkazi anabwera naye, a Tepi anangomuyang'ana kamodzi, tepi osaigwira. "Wingi uyu," anatero. Wingi ndi wothamanga wam'mbali, amene amadikira kuti anzake atuluke thukuta kenako iye alandire mpira. Dzinalo linamumatirira mpaka ku positi.

Ndipo zinkamupweteka, musaone kusekaku. Ankangofuna kuti apongozi ake amuzungulize tepi kamodzi kokha ngati munthu. Anayamba kudya ngati akulipidwa, zonse n'kupita kumimba. Anagula shati ya kolala yaing'ono kuti khosi lizioneka lotupa, n'kukomoka pamaso pa apongozi akewo. A Tepi anamumasula batani, n'kunena kuti, "Wagwa popanda womugwira. Wingi weniweni."

Kenako miyendo ya a Tepi inayamba kukana. Iwo ankagona m'chipinda cha pamwamba pa shopu, TV ili pansi. Ana awo aamuna awiri, makosi ngati zitsa, anapezeka otanganidwa kwambiri. Wingi ndiye ankawabereka kumsana Loweruka lililonse, kutsika nawo masitepe, kuwakhazika pampando, masewera akatha n'kukwera nawonso, iwo atamukoleka manja m'khosi, akumudandaulira za kochi m'khutu.

Ataona kuti thupi latha, anaitanitsa a Sikelo kuchipinda. Ine ndinali pachitseko, ndinkangofuna kubwereka singano.

"Tisankhe timu yonyamula bokosi langa," anatero a Tepi.

"Musalankhule choncho, achimwene. Komanso sikisi akwana."

"Sikisi si sikiramu. Eyiti."

Anakangana ngati kale, mpaka a Tepi anapeza mphamvu zodzuka n'kutsamira pilo. Ana aamuna aja analowa m'timu, abusa analowa, wometa tsitsi anachotsedwa kawiri n'kubwezedwa. A Sikelo anadziika okha kumbuyo pa nambala eyiti. Wingi anali pakona, akufinya thaulo m'beseni, akunamizira kuti sakumva.

"Watsala nambala thuu," anatero a Sikelo. "Wapakati kutsogolo, amene amamupanikiza uku ndi uku."

A Tepi analoza pakona.

"Wingi? Makilo alibe ameneyu!"

"Wakhala wopanikizika pakati pa ine ndi mwana wanga chikwatirireni, simunamumve akulira. Ndipo khosi limenelo ndaliyeza ndi manja anga awa pamasitepe. Tepi ikanangonama. Bwera kuno, mwanawe."

Anavula tepi ija pamapewa pawo n'kumuveka. Wingi anaigwira tepiyo ndi dzanja limodzi, thaulo likudonthezera pansapato.

Tsiku la maliro bokosi linali ndi zogwirira sikisi, amuna eyiti. Anapondana zidendene njira yonse. Wingi anali kutsogolo pakati, kumutu kwa bokosi kuli pakhosi pake, a Sikelo kumbuyo akukankha ndi phewa n'kumakuwa kuti "Tsikani pansi!" Abusa ankayambitsa nyimbo akupuma wefuwefu. Tinalira, inde, koma ena tinkabisa nkhope m'mipango pa chifukwa china.

Tsopano mumsewu mwathu munthu amadutsa ndi khosi lake popanda wolifunsa. Makina osokera anaphimbidwa ndi nsalu. Loweruka loyamba TV inayatsidwa, a Sikelo anakhala pampando wawo n'kunena kuti, "Nambala wani akhale wonenepa uja." Anadikira. M'shopu munali zii, kochi yemwe sanachotsedwe ntchito.

Kenako kumbuyo kunamveka kamawu kaulemu ka ku positi.

"Khosi palibe pamenepo, a Sikelo."

A Sikelo sanacheuke. Anakweza epuloni n'kupukuta m'maso.

"Inu mukudziwa chiyani za nyama," anatero. "Sunthani mpando, muyandikire kuno."