Mwala Umene Ndinaupeza M'galimoto ya ku Jeremani

Ndani waseka? Ndamumva, ali kumbuyoko pakati pa anzake a kabaza. Sekani ndithu, koma muno m'Khonjeni monse, kutsetsereka mpaka ku Thekerani, mundipezere munthu mmodzi amene anagulapo galimoto ya ku Jeremani pa mtengo umene ndinagulira ine Namakhwa. Mukamupeza ndimubereka kumsana mpaka ku Limbe. Zimene ndikuuzenizi ndi zoona, ndikulumbira pali malemu mayi anga.

Inu ana a dzulo simukundidziwa. Ine ndinali kalaliki wa sikelo pa esiteti ya tiyi zaka makumi atatu, ndipo ntchito yanga inali kukayikira. Wothyola tiyi amalipidwa malinga ndi kulemera kwa dengu, ndiye wofuna kuba amathira madzi m'masamba kapena kubisa mwala pansi. Ine ndinkangoona kayendedwe ka munthu ali patali, n'kudziwiratu kuti m'dengumo muli mwala, wa mumtsinje uti, ndiponso anautola ndi dzanja liti, moti ndinatulutsamo miyala, njerwa, mphero, mpaka tsiku lina ndinatulutsamo kapitawo wathunthu ali m'tulo, atamufunditsa masamba bwinobwino. Mukumva? Miyala yanga ndi imene anamangira mlatho wa kumunsi kwa fakitale, kafunseni.

Nditapuma ntchito anandipatsa penshoni yonse nthawi imodzi, mamiliyoni asanu. Mayi a kunyumba, make Joyisi, ankafuna malata, poti nyumba ya esiteti tinali titatulukamo ndipo yathu ya kumudzi inkadontha pena paliponse. Ine mtima unali pa galimoto. Zaka zonsezo ndinkameza fumbi la mabwana m'mbali mwa msewu, ndiye ndinkafuna nanenso ndimezetse wina ndisanafe.

Make Joyisi anangoti, "Bambo, ndalamazi n'zomaliza. Mukaberedwa tidzagona m'galimotomo."

Ndinawauza kuti wobera Namakhwa sanabadwe, ndipo amayi ake sanakwatiwe n'komwe.

Mbiri ya ndalama sichedwa. Sabata isanathe kunatulukira mnyamata wa ku Limbe, dzina lake Bonifasi, atavala magalasi akuda tsiku la chiperoni, dzuwa kulibe. Ndinayamba kumukayikira asanatsike m'galimoto imene anabwera kudzandigulitsa. Koma galimotoyo, abale anga! Saluni yakuda bii, yonyonyomala ngati ikufuna kudumpha, mapaipi a utsi anayi, mipando ya chikopa. Akuti mwini wake woyamba anali agogo ena a kunja amene ankangopita nayo kutchalitchi, ndipo mtengo wake mamiliyoni khumi ndi awiri.

Ndinati tiyeni tiimve. Atangoponda moto pa geti ya fakitale, phokoso la injini linatsala pomwepo, tinapyoza chiperoni n'kusiya bowo loti anthu anadutsamo osanyowa sabata yathunthu, mphepo yathu inathyola tiyi wa minda itatu mbali zonse ziwiri za msewu, masamba awiri ndi kansonga osaphonya, n'kukawaponya okha m'madengu mwa amayi moti tsiku limenelo anaweruka asanamange chitenje, tinafika ku Thekerani ndisanamalize kutseka chitseko, pobwerera tinakumana ndi chithunzithunzi chathu pa Changata chikubwera wefuwefu, ndipo titaima pa geti paja m'pamene phokoso lija linkati linyamuke. Mukumva?

Ndinaikonda, sindibisa. Koma kalaliki saonetsa mano dengu lisanakwere sikelo.

Ndinayamba ndi oyilo. Ndinamutunga ndi supuni n'kumulawa monga amalawira tiyi ku fakitale, kumuzunguza m'kamwa kenako n'kulavula, ndipo lilime linandiuza zonse, kuti agogo a kutchalitchi aja anali ndi ndevu, ankasuta chingambwe, komanso Loweruka lililonse ankathamangitsana ndi apolisi. Ndinadulapo miliyoni. Wotchi ya makilomita ndinangoiyang'anitsitsa momwe ndinkayang'anira wobisa mwala, iyo yokha n'kuyamba kuzungulira, kuulula makilomita onse amene anaibweza, mpaka inatuluka thukuta. Ndinadulapo ina. Galimotoyo anali ataitsukanso m'mawa womwewo, ndipo katundu wonyowa ine sindinamulandirepo pa mtengo wa wouma. Bonifasi ankangoti, "Iii, mdala, mundipha," uku akuvomera. Kuvomera msanga koteroko kunandiwonjezera chikayikiro, ndinadziwa kuti chachikulu sindinachipeze.

Ndiye ndinachita zimene wogula galimoto aliyense sanachitepo m'dziko muno. Mlonda wa pa fakitale ndi mnzanga wakale, anatitsegulira, ine n'kuikweza pa sikelo yaikulu yoyezera mathalakitala. Saluni ya bwana wamkulu kulemera kwake ndinkakudziwa pamtima, ndipo kukula kwake n'chimodzimodzi ndi iyi. Muvi wa sikelo unadutsa pa bwana, n'kupitirira ndi matumba asanu a chimanga. Kulemera konseko kunali kutsogolo.

Ndinati, "Achimwene, tsegulani boneti."

Mukadaona! Chiinjini chodzaza khoma ndi khoma, popanda polowetsa chala. Ndinawerenga mapulagi, asanu ndi atatu. Galimoto ya bwana ili ndi anayi, ya abusa anayi, ambulansi imene imanyamula anthu akufa anayi, nanga anayi enawa akufuna chiyani? Mtima unangoti myaa, monga unkachitira dzanja langa likagunda chinthu cholimba pansi pa masamba.

Bonifasi anati, "Mdala, galimoto sagula pa kilo. Ndalama yonse ya galimotoyi ili pa injiniyi."

Mukumva? Anavomera yekha! Zaka makumi atatu sindinakumanepo ndi wakuba wondilozera mwala ndi chala chake. Ndinamuuza kuti mwana iwe, kuno n'ku Thyolo, timalipira tsamba, mwala umabwerera kwa mwini wake, ndiye uchotse chimenechi, uikemo injini ya mapulagi anayi ngati ya anthu onse, ndikupatsa mamiliyoni asanu, ukakana nyamuka.

Apo m'pamene anavula magalasi koyamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera, misozi ikulengeza, kenako anatembenukira kumbali mapewa akugwedezeka. Ndinaona ambiri akulira motero pa sikelo, sindinamumvere chisoni. Anati, "Mdala, mwandigwira. Munthu ngati inu sindinamuonepo." Anandigwira chanza ndi manja awiri.

Anakasinthitsa kwa makaniko wake ku Luchenza, ndipo patapita masiku awiri galimoto inafika pakhomo itakokedwa ndi lole, akuti posunga petulo. Ndinatsegula boneti, mtima unakhala pansi. Kainjini kaulemu, kokhala pakona, malo otsala oti nkhuku n'kuikira mazira. Ndinapereka ndalama zonse, ndipo lole ija inabwerera mwaliwiro loti ndinadabwa nalo. Galimoto ya mamiliyoni khumi ndi awiri, ine asanu! Mudzi wonse unabwera kudzaigwira.

Nditailiza, make Joyisi anatuluka m'nyumba ndi lichero m'manja, n'kutchera khutu. Anati mawu amenewo akuwadziwa, ndi a chigayo chija chinatsekedwa ku Luchenza, anagayitsako mgaiwa zaka khumi. Ine ndinati akazi nkhani za injini azidziwira kuti. N'zoona kuti m'paipi ya utsi munatuluka gaga, koma galimoto yokhala kumudzi imatengera za kumudzi. N'zoonanso kuti kuchokera tsiku limenelo sinasunthe pansi pa mtengo wa mapeyala paja, chifukwa kwathu n'kokwera mbali zonse, ngakhale potsetsereka pamakwera. Za ku Limbe ndinazimvanso, zoti Bonifasi anagulitsa injini ija payokha mamiliyoni khumi kwa mnyamata wina wa mipikisano. Zimenezo zikungosonyeza kuti ku Limbe kulibe kalaliki, anthu amagula miyala masana.

Wafunsa uyo akuti chiyani? Malata? Ndadziwa kuti mufika pamenepo. Malata sitinagule, ndalama zinathera pa galimoto, ndipo mvula ya chaka chimenecho inatipeza ndi denga lomwe lija. Koma tamverani ubwino wa katundu woyezedwa ndi katswiri. Mvula yoyamba itagwa, make Joyisi sanakangane nane, anangonyamula bulangete ndi pilo n'kukalowa m'galimoto, mpando n'kuugoneka. Ino ndi mvula yachitatu akugona mmenemo, pa chikopa cha ku Jeremani, ndipo denga lake silinadonthepo ngakhale kamodzi. Ndi mkazi uti m'Khonjeni muno amene amagona m'chipinda cha mamiliyoni khumi ndi awiri? Ndiye ndinaberedwa pati?

Zitseko zakenso n'zolimba, zimakhomeka zonse zinayi ndi batani limodzi la mkati. Zimenezo ndikuchitira umboni ndine, chifukwa mvula itatu yonseyi ndagogoda chitseko chilichonse, beseni lili pamutu, ndipo sichinatsegukepo ngakhale chimodzi.