Nkhata ya a Juwawo

Mpaka lero ndikafika ku Katuli sipalephera kupezeka wondifunsa kuti, "Aphunzitsi, lero mwabwera kudzaika ndani?" Ndimangoseka nawo, nanga nditani.

Zinachitika zaka zija anzathu a ku Mozambiki anadzaza m'midzi yathu pothawa nkhondo. Ine ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene, wosakwatira, wodzimva kuti ndine wotsogola. Anzanga ankadzala mpiru ndi tomato, ine ndinadzala maluwa: madaliya ndi akakombo, aja amafota m'chilimwe n'kudzaphukanso okha mvula ikagwa. Januwale akafika pakhomo panga pankangoti psuu! (Anthu ankanong'onezana kuti munthu wolima zosadyedwa mutu wake sukoka.)

Mtima wanga unali pa Rozina, mwana wa a Juwawo, bambo wina wothawa nkhondo amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Rozina anali atandilola, koma bambo akewo anali asanavomere. Tsiku lina ndinamva kuti mkuluyo wagwidwa ndi malungo, ndipo ndinati mwayi wodzionetsa ndi umenewu. Ndinali nditaonapo namwino wachizungu akukazonda wodwala maluwa ali m'manja, ndiye ndinkayesa kuti chitukuko n'chimenecho. Munthu wanzeru akanatenga shuga kapena nthochi. Ine ndinatenga mpeni n'kudula maluwa onse okongola.

Vuto linali kanyamulidwe, poti njinga yanga inalibe dengu. Ndinapinda kansungwi mozungulira, n'kumangirirapo maluwawo ndi luzi, n'kukoleka pachiwongolero. Ndinavalanso jekete yakuda, yokhayo imene ndinali nayo. (Inde, mwaona kale. Ine sindinaone.)

Pamsika ndinakumana ndi mayi Elina a kutchalitchi kwathu.

"Aphunzitsi, zimenezi n'zopita kuti?"

"Kwa a Juwawo, mayi," ndinayankha ndi nkhope yakugwa, monga ayenera munthu wokazonda matenda.

Mayiwo anatula beseni n'kugwira m'mutu. Ine ndinati koma mayi awa ndi achifundo.

Msewu unali matope okhaokha, motero njinga ndinkangoikankha. Nditacheuka ndinaona amayi akunditsata, zitenje zili m'chiuno, wina atasenza nkhuni. Kumbuyo kwawo kunali abambo ndi makasu. Ndinaganiza kuti kwinakwake kwagwa zovuta, mpaka ndinavula chipewa kupereka ulemu.

Titangolowa pakhomo pa a Juwawo, mayi Elina anayambitsa chiliro. Mayi ake a Rozina anatuluka m'khitchini chikho cha phala chili m'manja. Ataona nkhata, jekete yakuda ndi makasu, anaganiza kuti amuna awo atsirizika iwo ali pamoto, ndipo anadzigwetsa pansi akulira mokweza. Apa m'pamene nzeru zinandibwerera.

Kenaka chitseko chinatseguka. A Juwawo anatuluka atafunda bulangete, akunjenjemera.

"Wamwalira ndani?"

Wankhuni uja anaponya mtolo n'kuliyatsa liwiro. Ena anangoti kukamwa yasa. Mkuluyo anayang'ana nkhata ija, n'kuyang'ana ine.

"Aphunzitsi, ine ndathawa mfuti, ndadutsa m'mapiri usiku ndi usana ana ali kumsana. Ndiye inu mukufuna mundiike chifukwa cha timalungo iti?"

Manyazi amene anandigwira sindidzawaiwala. Ndinadziwa kuti ukwati wathera pomwepo, ndipo Rozina anatha masabata osandiyankha ngakhale moni. Ankhoswe anga anachita kutha nsapato popepesa. Pamapeto a Juwawo anavomera, akuti mkamwini wopusa ndi wabwino chifukwa sadziwa kubisa kanthu.

Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo, koma iwo anakhala, n'kukalamba pakati pathu. Sanasiye kundinyogodola. Ndikapita kukawaona ankayamba asuzumira kaye pachiwongolero cha njinga. Ndinawakonda kwambiri mkulu ameneyu.

Atamwaliradi inalinso nyengo ya mvula, madaliya atachita maluwa. Apongozi aakazi anandiitanira pambali.

"Bambo anu anasiya mawu. Akuti nkhata mumange inuyo, poti munaphunzira kale."

Ndinaimanga ndikuseka, misozi ili mbwembwembwe. Inakongola kuposa yoyamba ija. Poinyamula ndinapezeka ndikuyang'ana kuchitseko, koma ulendo uno sanatuluke kudzafunsa.