Bai Spiridon ndi Nambala Zamaliseche

Bai Spiridon ankadana ndi nambala yopanda dzina kuposa momwe ankadanirana ndi mlamu wawo. Mumzinda wonse wa Plovdiv munalibe nkhutukumve ngati iwo, ngakhale tinkawatchula mwaulemu kuti Bai, ngati kunena kuti akulu. Ndinakhala nawo tebulo limodzi zaka zisanu ndi ziwiri, choncho musanditsutse.

Ntchito yathu ndi yolemba timapulogalamu tothandiza kompyuta kuzindikira chipangizo chimene yalumikizidwa nacho, monga sikelo kapena makina a malisiti. Chipangizo chilichonse chili ndi nambala yake. Anthu ofuna mtendere amangolemba nambalayo pamndandanda n'kupita kukadya. Bai Spiridon ayi. Ankayamba aipatsa dzina la zilembo zikuluzikulu, lalitali ngati sitima ya katundu, ndipo pamndandandapo ankalemba dzinalo.

"Nevena, ichi n'chiyani?" anandifunsa sabata yanga yoyamba, chala chamafuta a banitsa, chitumbuwa cha kuno, chili pagalasi la kompyuta yanga.

"Nambala ya sikelo, Bai Spiridon."

"Yamaliseche chonchi? Kwanu amayenda chomwechi? Iveke."

"Koma ikupezeka pamalo amodzi okha."

"Nawenso umapezeka pamalo amodzi okha, koma mayi ako anakutcha dzina."

Mayinawo anapitirira mazana anayi. Tsiku lina waya atapsa m'chipinda chapansi, tonse tinathawira panja. Iwo anatuluka omalizira, akutsokomola, ati anali pakati pa dzina ndipo munthu sasiya dzina latheka.

Kenako kampani yathu inagulidwa ndi anthu akunja. Lamulo lawo linali lakuti nambala yopezeka kamodzi isamapatsidwe dzina, kumeneko n'kuchulutsa zinyalala. Kunena zoona, ine ndinkagwirizana nawo. Bwana wathu Zlatka anauza Bai Spiridon kuti achotse mayina onse pofika Lachisanu. Panali patatsala chaka chimodzi kuti apume pa ntchito, ndipo pa msinkhu umenewo palibe akanawalembanso.

Pamsonkhano wa pakompyuta, mkulu wa akunjawo anawafunsa yekha: "Mwavomera, bambo?"

Bai Spiridon anakweza mutu n'kuutsitsa, monga timakanira kuno. Mlendoyo anamwetulira, nalemba kuti avomera. Zlatka anaona, anangoti zii. Inenso ndinaona, ndipo ndinayang'ana pansi.

"Bai Spiridon, gonjani," ndinawanyengerera titatuluka. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Ndinasiya fodya kalekale, mwana iwe."

"Akuchotsani ntchito."

"Ndawakanira pamaso. Ngati kwawo mitu imayenda chagada, si mlandu wanga."

Lachisanu linafika mayina ali mbwee. Kwa akunja aja, Bai Spiridon tsopano sanalinso wamakani chabe, koma wabodza amene analonjeza anthu akuona. Zlatka sanalongosolere akunjawo za mutu uja. Nanenso pakamwa ndinali napo, koma ndinkaopa za ntchito yanga. Lolemba Bai Spiridon anachotsedwa ntchito, nalongedza kapu yawo ndi cholembera chofiira. Ali pakhomo anandiuza kuti dzina la makina atsopano a malisiti likusowa chilembo chimodzi, ndikonze.

Anamwalira mu Febuluwale ndi vuto la mtima, ali pa siteji akudikira basi. Chikalata cha maliro chokhala ndi chithunzi chawo tinachimata pachitseko cha ofesi. Pa tsiku la makumi anayi chimwalirireni, Zlatka anabweretsa tirigu wowiritsa wa mwambo, tinadya chiimire osayang'anana.

Ntchito yochotsa mayina anandipatsa ine, ndipo ndinaizengereza mpaka atamwalira. Inanditengera mphindi makumi awiri. Ndinkalakalaka china chake chitawonongeka, sikelo ina itakana kugwira ntchito, kuti ndithamangire kwa Zlatka ndikukuwa kuti Bai Spiridon ankanena zoona. Zonse zinayenda bwinobwino.

Masiku ano muofesi muli bata loti ukhoza kumva firiji ikulira. Palibe amakangana, chifukwa palibe amawerenga zimene mnzake walemba. Ndimawasowa kwambiri, ndipo ndimachita manyazi.

Makina athu amasunga dzina la munthu amene wakhudza mzere uliwonse komaliza. Dzulo ndinatsegula fayilo ya mndandanda uja kuti ndingoonako dzina lawo. Ndinatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, mzere ndi mzere. Ponseponse palembedwa Nevena.