Kuwombanitsa Tizitsulo pa Chiwanga

Lolemba

A direitori, mkulu wa sukulu yathu, andiitana mu ofesi. Boma likufuna mphunzitsi mmodzi wa sayansi ku Maniamba, kumtunda kuja. Tilipo awiri: ine wa fizika ndi mayi Rosa a bayoloje. Loweruka kuli chionetsero, ndipo amene tebulo lake likopa ana ochepa olembetsa kalabu ya phunziro lake, anyamule katundu. Akuti, "Ndi chilungamo chimenecho, porofesoro." Kuno mphunzitsi aliyense amamutcha porofesoro.

Amayi anga sangasamuke. Anathawirapo ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo akuti ulendo wawatsalira ndi wa kumanda basi. Pakhomo tili awiriwiri.

Ndiye ndichita zazikulu. Ku Ulaya akatswiri ali ndi ngalande yozungulira pansi pa nthaka, mmene amathamangitsa tizidutswa ta atomu n'kutiwombanitsa, kufunafuna tinthu timene munthu sanationepo. Ine ndipanga yanga. Ndiwonjezapo girafini, kachikopa ka mtima wa pensulo kopyapyala ngati atomu imodzi koma kolimba kuposa chitsulo, kamene amakasenda ndi selotepi wamba. Zofunika:
- paipi yakuda ya kudimba la tchalitchi
- timipira tachitsulo ta m'mawilo a njinga
- mapampu awiri
- mapensulo ndi selotepi
- ana achidwi (ndifufuzabe)

Lachiwiri

A katekisiti abwereketsa paipi, nkhope ili gwa. Akuti ndibweze kabichi asanafote. Timipira ndachotsa m'njinga yanga, ndiye kusukulu ndikupita wapansi.

Ana akusenda pensulo ndi selotepi, kumata n'kumatula, kumata n'kumatula. Mapensulo asanu ndi anayi atha. Mmodzi akufunsa ngati girafiniyo angasokere ukonde. Ndikuti tsiku lina. Akuti, "Tsiku lina liti? Wa atate wang'ambika dzulo."

Timizere ta selotepi makumi atatu tamatidwa pazenera, mbali yomata ikuyang'ana kunja. Ndikunyadira.

Lachitatu

Nkhungu!

Mtambo wakuda wa tizilombo touluka wadzuka panyanja m'mawa, pofika nthawi yopuma uli pasukulu. Kalasi yonse yathawa. Amayi a m'mudzi akuzunguza madengu onyowa m'mwamba, ana pambuyo pawo, kukolola ndiwo zaulere. Ine ndatsala ndi choko m'manja, tizilombo m'mphuno.

Zenera ndaliiwala. Selotepi yense wada bii, alibe ndi malo oika nsonga ya singano. Girafini wanga ali pansi pa miyendo ya nkhungu masauzande. Mtima wandiwawa mpaka ndakhala pansi.

Lachinayi

Kuyesa makina pamchenga, pafupi ndi matandala oyanikapo usipa. Paipi yazungulira bwino. Wina akupopa uku, wina uko, kuti timipira tikumane pakati.
Koyamba: mchenga watseka.
Kachiwiri: kampira katuluka polumikizira, kalowa mu usipa wa amayi ena. Ndapepesa. Akuti akakapeza ndi dzino abwera kwathu.
Kachitatu: palibe chachitika, ndipo sindikudziwa chifukwa.

Selotepi wina kulibe pa Chiwanga ponse. Ndapempha maikulosikopu kwa mayi Rosa, mwina penapake patsala kadanga koyera. Akuti ndionere, koma chipangizocho sichichoka patebulo pawo.

Lachisanu

Timipira tatsala tiwiri. Kabichi wayamba kugwetsa makutu, a katekisiti adutsa kawiri osandipatsa moni.

Mayi Rosa sakukonzekera n'komwe. Ali ndi chule m'botolo ndi chithunzi cha matumbo. Ndikuwayang'ana akudya chinangwa mosatekeseka, ndipo ndikudana nawo pang'ono, ngakhale sanandilakwire.

Amayi akufunsa chimene ndikuonda nacho. Ndikuti ntchito.

Loweruka

Makolo adzaza. Ndalongosola za ngalande ya ku Ulaya mpaka kukhosi kuuma. Mapampu apopa. M'kati mwa paipi mwamveka kuti thi.

Timipira tagundana! Koyamba sabata yonse!

Anthu akudikirabe. A direitori akuti, "Mwayamba kale, porofesoro?" Paipi ndi yakuda, palibe waona kanthu. Ndikuti ngakhale akatswiri aja saona ndi maso, amawerenga zizindikiro zotsalira. Bambo wina akuti, "Ndiye mwana wanga asiye bwato, adzaphunzire zosaoneka?"

Ndathamangira kwa mayi Rosa ndi selotepi wanga, kuti girafini andipulumutse. Woyamba kusuzumira ndi mayi wogulitsa mandasi. Waona kankhungu katakula, wabwerera m'mbuyo, dzanja pakamwa. "Iii, kali ndi ubweya! Tadya zaka zonsezi kali ndi ubweya?"

Mzere wafika mpaka pachipata. Aliyense akufuna kuona nkhope ya ndiwo yake. Onse akulembetsa papepala la bayoloje, poti ndilo lili pafupi. Maina makumi anayi ndi awiri, onse okopeka ndi selotepi wanga. Langa lili ndi atatu, ndipo limodzi ndi la mwana amene amayesa kuti ndi tebulo la bayoloje.

Lamulungu

Paipi ndabweza. Kutchalitchi andipempherera ulendo wabwino ndisanauze munthu aliyense.

Njira yonse ndikukonza mawu owauzira amayi. Ndawapeza pakhonde, akuthira usipa wouma m'thumba, akusankha waukuluwaukulu. Pambali apinda jekete la malemu atate.

"Kumtundako kumazizira," akutero, osadzutsa mutu. "Mwana wa a katekisiti azinditungira madzi. Ndakamba nawo kale Lachinayi."

Ndakhala pansi, ndikuwagwirira kukamwa kwa thumba.